Mabawuti Anayi M'kamwa mwa a Daka

Alamu anga a Evaristo Daka si munthu wopita naye ku ukwati ngati ndinu wamanyazi. Anthu akamalowa mu holo n'kumasakasaka mpando wapafupi ndi chakudya, iwo maso amakhala ali kudenga. Akaona tsache kapena ambulera ya mwini, atola, agogoda siling'i, go go go, khutu atatchera. Akakwera minibasi ya kwawo ku Bulangililo, kuno ku Kitwe, amayamba agogoda denga ndi chala asanakhale pansi. Makondakitala anawazolowera, amangoti m'Chibemba, "Ikaleni ba shikulu, ili fye bwino," ndiye kuti khalani agogo, denga lili bwino.

Ine ndine Peggy, mng'ono wa akazi awo, a Felistus. Ndimagulitsa zitenje ku msika wa Chisokone, ndipo amene anagulapo kwa ine akudziwa kuti pakamwa panga palibe chitseko. Kunyogodola alamu ndi ufulu wanga, ndawanyogodola zaka fote popanda tchuthi. Koma lero ndati ndiwatame adakali moyo. Ife a kum'mawa tili ndi khalidwe loipa lodikira munthu agone m'bokosi, ndiye n'kuyamba kunena kuti anali wabwino.

Anabadwira ku Katete, anafika ku Kitwe mu 1976 ndi kachikwama ka malata ndi korona m'khosi. Amalume awo anawapezera ntchito kumgodi, ndipo sanagwire ina mpaka kupuma. Ntchito yawo inali yomanga denga la pansi pa nthaka. Akaphulitsa miyala, anthu ena asanalowe, gulu la a Daka limayamba ndilo kutsogola. Amatenga chitsulo chachitali n'kumagogoda mwala wapamutu. Mwala wolimba umalira kuti ngwii. Mwala wofuna kugwa umalira kuti bu bu, ngati dramu lopanda madzi. Wotero amaugwetsa okha, kenako amaboola mabowo m'denga n'kulowetsamo mabawuti aatali, n'kumanga zolimba kuti miyala igwirane. Lamulo lawo linali limodzi, ndipo analiloweza kuposa Atate Athu: bawuti lomwe sunaliyese usalikhulupirire.

Mwamuna wanga, Kingsford Mwanza, anali m'gulu lomwelo. Ndi alamu amene anabwera naye kunyumba tsiku lina Lamlungu, ati adzaone wailesi yatsopano. Wailesi sanaiyang'ane n'komwe. Tinakwatirana chaka chotsatira.

Mu Ogasiti 1994 denga linagwa. Kingsford anatsikira pansi m'mawa ndi mkate wake m'thumba, anatuluka madzulo atamufunda bulangete. Chibanthu cha mwala womwewo chinawamenya alamu pachibwano, mano sikisi a m'munsi anatsala komweko. Otsalawo anayamba kugwedera, anatha limodzilimodzi mpaka nkhama ya m'munsi inatsala yokha. Za tsiku limenelo alamu sanandiuzepo zambiri. Kamodzi kokha, patapita zaka, anati, "Malo aja tinawagogoda dzulo lake. Tsiku lomwelo sitinagogodenso." Kugogoda madenga a eni kuja kunayamba nthawi imeneyo.

Manje mumve chimene anthu a ku Bulangililo amawadziwira a Daka. Pa 4 Disembala ndi tsiku la Barbara Woyera, nkhoswe ya anthu a m'migodi. Ku tchalitchi kwathu madala amene anagwirapo pansi amabwera atavala zisoti zawo zakale, zina zong'aluka, n'kukhala kutsogolo. Ukatha mgonero, a Daka amaimirira n'kuitana mayina a amuna a m'parishi mwathu amene anafera pansi. Alibe pepala, maikolofoni safuna. Mawu awo anakulira pakati pa makina oboolera miyala, akati akuwe ngakhale wogulitsa matimati kunja kwa mpanda amamva. Akaitana dzina, a pabanjapo amayankha kuti, "Alipo." Mayinawo alipo 37, ndipo aliyense alamu anamudziwa nkhope, ena anawanyamula ndi manja awo. Anayamba mwambowu chaka chotsatira maliro a Kingsford. La mwamuna wanga ndi dzina la 24. Kwa ine tsiku limenelo limaposa Khrisimasi, sindibisa.

Vuto linali puleti, mano oikirira a m'munsi amene anawapangira kalekale. Poyamba inkakhala bwino. Koma nkhama yopanda mano imaphwa ndi zaka, ndiye puleti ija inayamba kusambira m'kamwa. Mukudziwa amuna a kumgodi, chilichonse amati akonza okha. Anaipala ndi tupa. Anaikamo thonje. Anayesa zomatira za ku famasi, zinkagwira mpaka teni koloko basi. Asisi anga a Felistus ankawauza kuti, "Bashi Joy," ndiye kuti atate ake a Joy, "pitani kwa dokotala," iwo n'kumati dokotala sadziwa fitingi, ntchito yomanga zitsulo.

Mu 2022 tsiku la Barbara linagwera Lamlungu, tchalitchi chinadzaza mpaka m'mazenera. Alamu anaima, chisoti pamutu, nayamba kuitana. Mayina 18 anadutsa bwinobwino. Pa la 19 anakoka mpweya, natsegula pakamwa, puleti ija phu! Inatuluka, inagwa pasimenti yopaka polishi, inatsetsereka mpaka pansi pa benchi la atsikana ovina pa Misa. Ana anaphulika nako kuseka. Mulungu andikhululukire, inenso ndinaseka, kunangotuluka kokha. Alamu anayenda pang'onopang'ono, anawerama, anatola mano awo, anawaika m'thumba la jekete, natuluka osacheuka. A katekisiti, a Brighton, anathamangira kutsogolo n'kupempherera "ena onse otsala." Ena onse otsala! Kingsford wanga, amene anali ndi dzina ndi mudzi, anasanduka ena onse otsala. Ndinafika kunyumba ndili ndi "Alipo" wanga pakhosi, wopanda komuikira.

Kuchokera tsiku limenelo alamu anazima. Akamalankhula ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Kumapemphero a m'chigawo anasiya kupita, ku tchalitchi ankakhala benchi lakumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ine ndikati ndiwaseke ankangoyang'ana pansi, ndipo mlamu amene sakubweza sakoma kumuseka. Itakwana Pasaka ndinamva kuti a Brighton anapita kunyumba ndi kope, ndipo alamu anawalembetsa mayina onse 37.

Ndinatseka sitolo masana, ndinakwera basi, ndinawapeza akhala pansi pa mtengo wa gwafa.

"Alamu, n'zoona zimene ndamva?"

"Brighton amawerenga bwino," anatero, dzanja lili pakamwa.

"Amawerenga bwino! Brighton anabadwa Kingsford atawola kale. Adzamuwerenga ngati chilengezo cha msonkhano wa kwaya. Inu mwamupereka mwamuna wanga ku pepala chifukwa cha kapulasitiki kogwa pansi?"

"Wasekanso iwe, Peggy. Ndinakumva."

Ndinapepesa, ndinagwada ndithu pafumbi. Anandidzutsa, koma za mayina anati nkhani inatha.

Amene anatsegula njira ndi mwana wawo Joy, amene amagwira ntchito mu ofesi ku Ndola ndipo amakhala ku Nkwazi. Abwana ake anali ndi vuto lomwelo, ndipo dokotala wina wa mano ku Itawa, ku Ndola komweko, anawaikira tizitsulo m'nsagwada togwira puleti. Joy atawauza atate ake, anakana. Ati iwo si galimoto yoti azimangidwa zitsulo. Tinawakakamiza miyezi iwiri, asisi ndi misozi, ine ndi pakamwa, mpaka mu Julayi tinakwera basi ya ku Ndola tonse atatu.

Dokotalayo anali mayi wamng'ono thupi, dzina lake a Charity Mulenga. Anatilonjera m'Chibemba, koma ataona dzina la Daka pakhadi anatembenukira ku Chinyanja, ati amayi awo ndi a ku Chipata, ngakhale alamu ankawaitanabe kuti batata, ndiye kuti atate. Anawajambula ekisire, natiitana kuti tione.

"Batata, fupa lanu la m'munsi ndi ili. Laonda, latsala ngati mpeni. Zitsulo zazikulu zimene timati ma impulanti sizingalowe popanda kucheka ndi kuwonjezera fupa. Koma alipo ang'onoang'ono." Anatulutsa kamodzi m'kabokosi, kachitsulo koyera konenepa ngati ndodo ya machesi, ka mazinga, kumutu kuli kampira. "Ndiboola kabowo kakang'ono, ndilowetsa aka mozungulitsa mpaka kagwire fupa. Tinayi, kutsogolo kuno. Pansi pa puleti yanu tiikamo timphira. Mukaidina idzagwira timitu iti ngati batani lodina la pa malaya a mwana. Kuchotsa mudzachotsa nokha potsuka, koma yokha siidzatuluka."

Ndinaona dzanja la alamu likuchoka pakamwa. Anatenga kachitsulo kaja, anakatembenuza, anakayandikitsa kudiso.

"Bowo limakhala laling'ono kuposa chitsulo?"

"Eya, kuti mazinga adye fupa."

"Kuya kwake?"

Anawauza.

"Nanga mukapeza kuti graundi ndi yofewa?"

"Ndimasuntha, ndimafuna polimba."

Alamu anamenya bondo. "Felistus! Awa ndi mabawuti! Mwana uyu amagwira ntchito yanga!"

Anacheza awiriwo ngati anthu a shifiti imodzi, ife tangoti kukamwa yasa. Dokotala anakondwa, ati sanakumanepo ndi wodwala womvetsa msanga chonchi. Tonse tinakondwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kuti kumvetsa kumeneku ndiko kudzabweretse mavuto.

Sabata yotsatira anawaika. Jakisoni wochititsa dzanzi, kaphokoso pang'ono, ola limodzi silinakwane bwino. Alamu anapempha galasi kuti aziona, ndipo pomaliza anauza dokotala, mawu ali olemera ndi dzanzi, kuti kamangidwe kake n'ka munthu wophunzitsidwa. A Mulenga anaika zofewa pansi pa puleti kuti isatsamire tizitsulo tija, nanena kuti chifukwa fupa n'loonda, timphira adzaika fupa likagwira, patapita miyezi. Phala, mbatata yophwanya, mazira, kuchukucha madzi a mchere. "Ndipo musamatisewere ndi lilime, batata."

"Eya mukwai," anayankha alamu mwaulemu wa Chibemba, mofatsa ngati mwana wa ubatizo.

Patapita masabata anayi ndinapita kwawo m'mamawa kukasiya chitenje chimene asisi anaitanitsa. Asisi anali ku Misa ya sikisi koloko. Ndinagogoda, zii. Ndinazungulira kuseri. Mayo ine! Alamu aima pa mtengo wa gwafa, kagalasi kometera akakoleka pa msomali, puleti ili m'kapu, pakamwa pali yasa. Kudzanja lamanzere supuni ya tiyi, kudzanja lamanja pulayasi yokulunga kansalu.

"Alamu! Mukuchita chiyani?"

Sanadzidzimuke n'komwe. Anandiyankha ngati ndafunsa chopusa. "Inisipekishoni."

Ndiye anandifotokozera, monyadira ndithu. M'mawa uliwonse kuyambira tsiku lachiwiri ankagogoda kachitsulo kalikonse ndi chogwirira cha supuni kuti amve kulira kwake. Akatha ankakagwira ndi pulayasi n'kukagwedeza uku ndi uku kuona ngati kagwira. Titatu tinali bwino. Ka kumanzere kanayamba kulira bu masiku atatu apitawo, ndiye iwo, monga munthu wodziwa ntchito, anakazungulitsa pang'ono kuti kalimbe.

"Mwakamanga ndi pulayasi? M'kamwa mwanu?"

"Kota teni chabe, kupotoza pang'ono basi."

Nditayang'ana, nkhama ya kumanzere inali itatupa, yofiira ngati matimati. Ndinawalanda pulayasi, ndinaiponya padenga la chimbudzi. Zimene ndinalankhula pamenepo ndinakalapa Loweruka lake.

Tsiku lomwelo tinali ku Itawa. A Mulenga anavala magolovesi, anagwira kachitsulo kaja ndi zala ziwiri zokha, kanatuluka kosavuta ngati munga wa m'chimanga chophika. Anakaika m'kambale, nkhope itakwinyika. Ati sizimachitikachitika, kodi anatafuna fupa? Ine ndinaulula zonse, supuni, pulayasi, mpaka kota teni.

Mayi uja anavula magolovesi, nakhala pansi. Ndinaona kuti wapsa mtima koma akudziletsa chifukwa cha imvi.

"Batata, ndani anakuuzani kuti muchite zimenezi?"

"Palibe. Ndi lamulo la ntchito."

"Ntchito yanu, osati yanga. Mwala ndi wakufa. Mukaumanga lero, wagwira lero. Fupa ndi lamoyo, limamera pang'onopang'ono kuzungulira chitsulo, ndipo limafuna kuti chitsulo chikhale phee. Inu kumudzi munabzalapo chinangwa? Mumazula phesi m'mawa uliwonse kuona ngati mizu yatuluka? Kuyesa kwanuko ndiko kwapha aka. Titatu totsalati tapulumuka mwa chisomo chabe."

Alamu anayang'ana kachitsulo kaja m'mbale nthawi yaitali. Kenako anati, motsitsa mawu, "Mwananga, ine tsiku limodzi lokha sindinayese. Munthu anafa. Mkazi wake ndi uyu wakhala apa."

Asisi anayamba kusisima. Ine mtima unandiwawa, chifukwa zaka zonsezi ndinkaseka kugogoda kwawo ngati misala ya ukalamba, osadziwa kuti munthu akusenza maliro anga pamutu pake. Ndinasendera pafupi.

"Alamu, tandiyang'anani. Kingsford anali ndi makutu ake ndi chitsulo chake. Munali anthu eyiti m'gulu lija. Ine sindinakuimbenipo mlandu, ngakhale usiku umodzi, ngakhale mumtima. Chimene ndikukuimbani mlandu n'chakuti chaka chatha simunamuitane. Chimenecho chokha. Ngati mukufuna kundilipira kanthu, chotsani manja anu m'kamwa."

Anapukuta m'maso ndi chipewa.

A Mulenga ndi mayi wanzeru. Anaona kuti kuletsa kokha sikugwira munthu wotere. Anati, "Batata, kumgodi ndani anali ndi mawu omaliza pa denga?"

"Shifiti bosi."

"Ndiye m'kamwa umu shifiti bosi ndine. Malo awa ndawatseka, palibe kulowa. Bala likapola, pakati pa Seputembala, ndiika kena pambali pake. Inisipekishoni idzachitika kamodzi, pa 1 Disembala, muno, ndipo ndidzachita ndine. Mukalowamo nokha tsiku limenelo lisanafike, ine ndasamba m'manja."

"Pa 1 Disembala," anabwereza alamu. Tonse tinawerenga masiku mumtima. Anangotsala atatu kufika pa Barbara.

"Sindikulonjeza kuti kadzagwira," anatero dokotala. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndakhala ndikuona amuna akusiya mowa, ena fodya, koma sindinaonepo munthu akuvutika ngati mmene alamu anavutikira miyezi imeneyo. Asisi anatsekera zida zonse m'bokosi, kiyi anandipatsa ine. Masupuni achitsulo anapita kwa aneba, alamu ankadya phala ndi kasupuni ka pulasitiki ka mankhwala a chifuwa. Kagalasi ka pa gwafa kanasowa, ankameta mopapasa. Ataika kachitsulo katsopano mu Seputembala, zinafika poipa. Ukawapeza akhala pakhonde, manja onse awiri awakhalira pansi pa ntchafu. Dzanja likangoti likwere lokha kupita kukamwa, ankalibweza n'kulikalipira ngati galu wakuba. Asisi anandiuza kuti ankayamba korona akamva chilakolako choyesa, ndipo masiku ena ankamaliza makorona folo dzuwa lisanafike pamutu.

Ine ndinkapita Lamlungu lililonse kukafunsa. "Alamu, mwalowa m'malo otsekedwa?"

"Sindinalowe."

"Lumbirani."

"Peggy, ndili ndi zaka 67. Sindinakhalepo pansi pa denga losayesa masiku ochuluka chonchi. Sindigona. Koma sindinalowe."

Ndinawakhulupirira, chifukwa nkhope inkaonetsa. Ndipo ndinene poyera, kulimba mtima kwa a Daka kumene ine ndikunyadira si kwa pansi pa nthaka kuja ayi. Kumeneko anali ndi anzawo, ndi malipiro, ndi unyamata. Ndi uku, kwa nkhalamba yokhalira manja ake pakhonde masabata khumi ndi limodzi, ikulimbana ndi chinthu chimene chinaisunga moyo zaka sate. Alamu anauza a Brighton kuti asunge pepala la mayina lija pafupi, chifukwa palibe ankadziwa ngati kachitsulo kadzagwira.

Pa 1 Disembala, Lachisanu, tinadzaza kachipinda ka ku Itawa, ine, asisi ndi Joy amene anathawa ku ofesi. A Mulenga anachotsa puleti, anaunika, anajambulanso ekisire. Kenako anatenga kagalasi kawo ka m'kamwa, anakatembenuza, nagwira chogwirira chake chachitsulo.

"Batata, ifenso timagogoda, koma nthawi yake ikakwana. Tsinzinani. Makutu anu aposa anga, mundiuze ndinu."

Alamu anatsinzina. Dokotala anagogoda koyamba, ngwii. Alamu anakweza chala chimodzi. Kachiwiri, ngwii. Kachitatu, ngwii. Anafika pa katsopano kaja, ine ndinagwira dzanja la Joy mpaka analira. Anagogoda. Alamu sanakweze chala. Anakodola ndi dzanja kuti abwerezenso. Anagogodanso. Pamenepo anatsegula maso, misozi ili mbwembwembwe, nanena ndi nkhama zokhazokha, "Solidi. Kagwira."

Kuika timphira kunatenga ola lina. Atamaliza anawapatsa puleti kuti aike okha. Anaiika, anadina ndi zala ziwiri, inamveka kuti tha! Anayesa kuikankha ndi lilime, inakana. Anatsegula pakamwa, anatseka. Kenako anatembenukira ku chipepala cha pakhoma chophunzitsa ana kutsuka mano, nachiwerenga ndi mawu onse a kumgodi, mpaka odwala a panja anasuzumira pakhomo. Potuluka anamugwira dokotala dzanja ndi manja awiri, ati m'gulu lawo akanamulemba ntchito tsiku lomwelo.

Chaka chimenecho Barbara anagwera Lolemba, ndipo kunagwa mvula kuyambira m'bandakucha. Tinkaganiza kuti kudzabwera madala ndi amasiye okha. Koma mbiri inali itayenda mu Bulangililo yense kuti a Daka aikidwa zitsulo, ndiye anthu anabwera, ena kudzapemphera, ena kudzaona ngati igwenso. Ine sitolo sindinatsegule. Ndinakhala benchi lachitatu ndi asisi. A Brighton anakhala pafupi ndi guwa, pepala likusuzumira m'thumba la shati.

Utatha mgonero alamu anaimirira. Anavala chisoti, anayang'ana mpingo wonse, osathamanga. Anaitana dzina loyamba, ndipo mvula ya pamalata inachepa mphamvu. "Alipo," anayankha agogo ena kumbuyo. Lachiwiri. Lachitatu. Mawu anali aja akale, mwina kuposa, chifukwa zaka zapitazo ankaitana nsagwada atazipana kuopa puleti. Lero pakamwa panatseguka ponse. Atafika pa la 19, "Obadiah Njobvu!", tchalitchi chonse chinagwira mpweya, ndipo ana a Njobvu anayankha onse asanu pamodzi ngati akukwiya. A Brighton anakankhira pepala lija m'kati mwa thumba.

Ine ndinali kuwerenga ndi zala pansi pa chitenje. 21. 22. 23.

"Kingsford Mwanza!"

Zaka zonse zija ndinkayankha msangamsanga, mokweza, mwina monyada kuti anthu amve kuti Peggy alipo. Tsiku limeneli ndinatsegula pakamwa, palibe chinatuluka. Ine amene ndimaitana kasitomala ali tsidya lina la msika! Dzinalo linandimenya ngati ndalimva koyamba, ngati ndi tsiku lija anabwera anthu awiri a zisoti pakhomo panga kudzandiuza za maliro. Ndinamuona Kingsford akuseka, mkate uli m'thumba. Asisi ananditsina, sizinathandize. Bambo mfumu anandiyang'ana, kenako anayang'ana alamu ngati akuti pitirizani.

Alamu sanapitirize. Anaima pomwepo, manja kumbuyo. Anthu anayamba kucheuka, mwana wina analira, iwo osasuntha. Kenako anati, osakuwa, koma aliyense anamva, "Kumgodi chikepe sichikwera munthu mmodzi asanayankhe. Tidikira."

Madala a zisoti aja anagwedeza mitu. Tchalitchi chonse chinadikira ine, mvula ikugwa. Alamu anandiyang'ana m'maso, nakoka mpweya.

"Kingsford Mwanza, wa ku Katete, mnzanga!"

Ndinagwira benchi lakutsogolo, ndinaimirira. Mawu anatuluka osweka, oipa, a nkhalamba yolira, koma anatuluka.

"Alipo."

Alamu anagwedeza mutu kamodzi, naitana dzina la 25.